Esha ndi Mpata wa Nambala ya Reji

1. Malo amodzi, ophunzira awiri

M'mwezi wa Ogasiti, chaka cha 1990, Esha Wahabu anali pa mayeso a ntchito ku kampani ina ya boma yocheka matabwa ndi kupanga mipando. Likulu la kampaniyo linali m'tauni ya Lusaka, kuseri kwa msewu wa Cairo. Chipinda cha makompyuta chinali pamwamba, chozizira kwambiri, moti Esha ankavala juzi ngakhale kunja kutatentha.

Ophunzira anali awiri, Esha wa ku Kabwata ndi Lemmy wa ku Chelstone. Malo a ntchito anali amodzi. Onse ankadziwa kuti mayeso akatha, mmodzi adzalembedwa ndipo winayo adzabwerera kwawo.

Esha ankayifuna ntchitoyo. Bambo ake, a Wahabu, anali telala, ndipo maso awo anali atayamba kufooka. M'mawa uliwonse asananyamuke, Esha ankawalowetsera ulusi m'singano zingapo n'kuzibaya pa kansalu kuti ziwakwanire tsiku lonse.

Wowaphunzitsa anali Ba Mukuka, mayi wamfupi wa ku Woodlands, amene ankayang'anira nkhokwe ya kompyuta. M'nkhokwemo munali mbiri ya wantchito aliyense: dzina lake, chigawo chake, nyumba ya kampani imene ankakhala, ana ake, ndi zolembedwa ku kiliniki.

Ba Mukuka anawagawira ntchito yomaliza ya mayeso. Lemmy anapatsidwa pulogalamu yolowetsera antchito atsopano. Esha anapatsidwa yofufuzira. Kalaliki akalemba nambala ya reji, chitupa cha boma chimene munthu wamkulu aliyense amayenda nacho, kompyuta inayenera kutulutsa dzina la mwini wake ndi nyumba yake. Pulogalamuyo inali yoti idzaikidwe m'maofesi onse a kampani.

2. Kumata ndi kumangirira

Lemmy anali wachangu pa kiyibodi ndiponso wapakamwa. Esha akadali kujambula mabokosi papepala, iye anakoka mpando n'kudzamuonetsa njira yachidule. Ankatenga lamulo lopita kunkhokwe n'kulidula pakati, n'kumatapo zimene kalaliki walemba, kenaka n'kutumiza zonse pamodzi.

"Mizele itatu chabe, sisi," anatero Lemmy. "Iwe ulemba buku yonse monga ufuna digili."

Esha anamuyankha kuti munthu amene amachedwa tsiku lililonse n'kunamizira minibasi ya ku Chelstone sangaleke kukonda zachidule. Lemmy anaseka, nati minibasi ija ndi imene inamuphunzitsa kupanikiza zinthu zambiri pamalo pamodzi.

Sanaone kuti Ba Mukuka aima kumbuyo kwawo. Mayiyo anayang'ana pa sikirini ya Lemmy, natenga choko, nalemba mzere umodzi pabolodi:

SELECT dzina, nyumba FROM antchito WHERE reji = :reji

Anagogoda ndi choko pa madontho awiri a kumapeto, nayamba kulankhula Chinyanja chawo cha m'tauni.

"Mvelani imwe babili, sinizabwezapo. Apa pali madontho, ni mpata. Lamulo iyi mumaituma ku nkhokwe poyamba, ikali na mpata wake, kalaliki asanalembe chilichonse. Nkhokwe iwelenga, imvetsa, ikonzekela. Pambuyo pake ndiye mumangilila kabokosi ka mu pulogalamu, kosungilamo zamene kalaliki walemba, ku mpata uja. Muiuza kuti zamene izaika apa izatenga mu kabokosi aka, ndipo ni mau, si nambala yowelengela. Kuchokela apo, chilichonse chamene munthu azalemba, nkhokwe izachitenga monga chinthu chofunafuna. Sizachimvela monga lamulo. Olo alembe nyimbo ya ku chechi, izafuna munthu wamene reji yake ni nyimbo ya ku chechi, izamusowa, basi."

Anatembenukira kwa Lemmy.

"Manje njila yako. Ukamata, nkhokwe siziba pamene mau yako yasilila na pamene ya kalaliki yayambila. Imvela zonse monga ni iwe ukamba. Kalaliki wabwino azalemba nambala chabe, ni zoona. Koma ine sinilembela kalaliki wabwino. Nilembela uja wamene sininamuonepo, wamene azankhala pa mpando uja ine nitachoka. Mu nkhokwe umu muli nyumba za bantu, matenda yao, bana bao. Aliyense wofuna kuona bantu bambili pa nthawi imozi afunika kubwela kuli ine na chilolezo cha bodi yoyang'anila kampani. Ukamata, wamupasa njila yopita kumbali kwa ine na kumbali kwa bodi. Ndipo tsiku yamene zizaonongeka, sibazafunsa wamene analemba pa kiyibodi. Bazafunsa wamene anasiya poseguka. Mu chipinda chino sitimata. Timangilila."

Lemmy anafunsa ngati lamulo loletsa kumatalo likugwiranso ntchito pa pulogalamu yaing'ono, yoti palibe angaisamale. Ba Mukuka anamuyang'ana mpaka iye anafufuta yekha mizere yake itatu ija.

Nayenso Esha anapunthwa masana a tsiku lomwelo. Anamangirira kabokosi bwinobwino, koma asanayendetse lamulo anaikamo chinthu china m'kabokosi komweko. Kompyuta inafufuza chinthu chachiwiricho n'kusowa munthu. Ba Mukuka anamuuza kuti wamangirira kabokosi, osati zimene zinali m'katimo, ndipo nkhokwe imasuzumiramo pa nthawi yoyendetsa. Esha anapatula kabokosi kake ka reji kokha, ndipo sanalakwitsenso.

Lachitatu m'mawa kunabwera uthenga wa maliro. Apongozi a Ba Mukuka anali atamwalira ku Kasama. Mayiyo anatseka kabati yake, nauza ophunzirawo kuti chionetsero cha mapulogalamu awo chikhalapobe Lachisanu pamaso pa akuluakulu a zigawo, ngakhale iye kulibe. Sananene tsiku lobwerera.

3. Tiyi wa Ba Chibwe

Masana a Lachitatu lomwelo, Esha anaitanidwa ku ofesi ya Ba Chibwe, mkulu woona za antchito ndi nyumba. Iwo ndiwo anali oti adzasaine kalata yolemba ntchito mmodzi wa ophunzirawo. Ankakhala ku Kabulonga, ndipo ankabwera ndi galimoto ya kampani yokhala ndi dalaivala.

Anamupatsa mpando wofewa ndi tiyi wamkaka. Anamufunsa za sukulu, namuyamikira kuti mtsikana wophunzira makompyuta ndi chuma cha dziko. Kenaka anatseka chitseko.

Anamuuza kuti iwonso anachitako kosi yaifupi kunja, ndipo mawu olankhulira ndi nkhokwe ankawadziwa pang'ono. Vuto linali lakuti kompyuta ya pa tebulo lawo inkangoyendetsa mapulogalamu ochokera kwa Ba Mukuka. Chimene ankafuna chinali chaching'ono. Pulogalamu yofufuzira ija ilembedwe momata, kuti iwo akalemba nambala n'kuwonjezapo mawu awo, mawuwo adutse. Anatembenuza sikirini namuonetsa mawu amene ankafuna kuwonjezera.

Esha anawerenga. Mawuwo ankauza nkhokwe kuti itulutsenso aliyense amene reji yake imathera ndi 2. Reji ya nzika ya Zambia imathera ndi 1. Yothera ndi 2 ndi ya anthu ochokera ku maiko ngati Malawi.

Anafunsa mwaulemu kuti anthu amenewo akufunidwa chifukwa chiyani.

Ba Chibwe sanabise. Anati nyumba za kampani n'zochepa, ndipo ana a dziko akugona m'makomboni pamene alendo akhala m'nyumba za njerwa ku Kabwata. Nkhaniyo anaipereka ku bodi, koma bodi inkangoikankhira kutsogolo, ndipo Ba Mukuka anakana kutulutsa maina popanda chilolezo. Iwo ankangofuna kuwadziwa anthuwo. Zifukwa zowatulutsira zikanapezeka mmodzimmodzi, wina kuchedwa, wina ukalamba.

"Iwe usayope," anatero. "Reji yako ni yobiliwila, yosilila na 1, naiona mu fayelo. Ndiwe mwana wa Zambia. Mukuka kulibe, palibe azayang'ana mukati. Pa Chisanu nizayesa neka. Ikaseguka, pa Mande kalata yako ili pa tebulo apa."

Esha anathokoza chifukwa cha tiyi. Anati wamva, natuluka.

4. Pakhonde la a Wahabu

Anafika ku Kabwata dzuwa lisanalowe. A Wahabu anali pakhonde, akupalasa makina awo osokera, nkhope ili pafupi ndi singano. Iwo anabwera ku Lusaka kuchokera ku Mangochi ali mnyamata, ndipo reji yawo inkathera ndi 2. Esha anabadwira ku Lusaka konko.

Anakhala pa mpando wa makasitomala nawafotokozera zonse. Anawauza za mpata ndi kabokosi, ndipo bambowo anafunsa mafunso awiri okha. Anafuna kudziwa ngati njira yomatayo imaoneka kunja, ndipo Esha anati ayi, kalaliki sangaone kusiyana. Anafunsanso ngati a Mfaume, kalipentala wa kampaniyo wochokeranso ku Malawi amene ankapemphera nawo ku mzikiti, ali m'nkhokwemo. Esha anati alimo, pamodzi ndi nyumba yawo.

A Wahabu anamaliza msoko umene anauyamba. Anadula ulusi, naika lumo pansi.

"Mwana wanga, sindikunamiza. Ntchito imeneyo tikuifuna. Maso angawa sadzandifikitsa patali, ndipo iwe ukuona wekha. Ukabwera nayo kalata ija, ndidzadya chakudya chake ngati wina aliyense m'nyumba muno. Choncho usaganize kuti ndikulankhula ngati munthu wokhuta.

"Koma umve za mabwana. Iwe usanabadwe ndinali ndi malo mumsika, pafupi ndi chipata, pamene aliyense amadutsa. Anabwera mkulu wina wa achinyamata a chipani. Anati andipatsa ntchito yosoka mayunifolomu onse, ine ndizingomuuza amene alibe khadi la chipani mumsikamo, popeza telala amamva zonse. Ndinamuuza kuti ine ndimasoka. Mwezi usanathe malo aja anapatsidwa wina, ndipo kuyambira pamenepo ndimasokera pakhonde pano. Sindikunena kuti ndinapambana. Amene anavomera uja anamanga nyumba ku Chilenje. Koma ndinkamuona. Chaka chilichonse ankamufunsa dzina lina, ndipo sakanatha kukana, chifukwa loyamba lija anali atapereka kale. Bwana akakulemba ntchito chifukwa unamutsegulira pobisika, sakulemba chifukwa cha mutu wako. Adzabweranso, ndipo chachiwiricho chidzakhala chachikulu. Tsiku limene zidzaululike, iye adzati sadziwa za makompyuta, anapanga ndi mtsikana uja.

"Za nyumba, mwina bwanayo ali ndi mfundo yake. Ngati ali nayo, akainene ku bodi masana, a Mfaume nawonso akayankhe. Zimenezo si zako. Chako ndi chimene dzanja lako lilembe mawa. Ine sindikusankhira. Wakula."

Anatenga nsalu ina naiyala pa makina. Esha anakhalabe pang'ono, kenaka analowa m'nyumba kukathandiza amayi ake.

5. Lachinayi

M'mawa mwake Esha anafika Lemmy asanabwere. Anavala juzi, nayatsa kompyuta, nayamba kulemba.

Anakonzeratu lamulo lija ndi mpata wake, nalitumiza kunkhokwe kamodzi kokha pachiyambi pa pulogalamu. Anapatula kabokosi ka reji, nakamangirira ku mpatawo ngati mawu. Anamangiriranso timabokosi tiwiri tolandirira dzina ndi nyumba. Pomaliza analemba kuti kalaliki akalemba nambala, pulogalamu iike m'kabokosi, iyendetse lamulo lokonzedwa kale lija, ionetse yankho, n'kudikira nambala ina.

Lemmy anafika thukuta lili kamukamu, nanena kuti minibasi inathera mafuta pa Munali. Anasuzumira pa sikirini ya Esha nati pulogalamuyo yavala malamba ambiri kuposa wapolisi. Anafunsanso chimene Ba Chibwe anamuitanira dzulo, ngati sikunali kumufunsira mwana wawo wa ku Kabulonga.

"Banali kunipasa tiyi," anatero Esha. "Iwe sibakupasa chifukwa ungamwe na kapu."

Anayesa pulogalamuyo ndi manambala a antchito angapo, ndipo onse anatuluka bwino. Lemmy atapita kukagula mabanzi, Esha analemba nambala imodzi n'kuwonjezapo mawu aja a Ba Chibwe, monga momwe anawaonera. Kompyuta inayankha kuti palibe wantchito wa nambala imeneyo. Anasunga pulogalamuyo pa disiketi, nalembapo dzina lake.

Sanafune kuti bwanayo akadzidzimuke pamaso pa anthu. Masana anatsikira ku ofesi yawo kuti akawauze yekha kuti wamangirira. Sekilitale anati Ba Chibwe apita ku msonkhano ndipo sabweranso tsiku limenelo. Esha anapempha kuti awauze kuti anabwera.

6. Chionetsero

Lachisanu akuluakulu anakwera ku chipinda chozizira. Panali Ba Chibwe, mkulu wa zogulagula, mkulu wa fakitale, ndi Sisita Agness amene ankayang'anira kiliniki ya kampani. Onse anadandaula za kuzizira.

Lemmy anayamba. Analowetsa wantchito wongopeka, namutcha dzina la wosewera mpira, ndipo akuluakuluwo anaseka. Pulogalamu yake inayenda bwino.

Kenaka inafika nthawi ya Esha. Anafotokoza mwachidule, napempha Sisita Agness kuti ayese okha. Sisitayo anavala magalasi, nalemba ndi chala chimodzi nambala ya dalaivala wa ambulansi. Dzina ndi nyumba zinatuluka. Analemba ina, kenaka ina, ndipo mayankho ankabwera msanga. Mkulu wa fakitale anafunsa chifukwa chake sikuchedwa ngati mapulogalamu akale. Esha anati nkhokwe inaliwerenga kale lamulolo, tsopano ikungosintha nambala.

Ba Chibwe anati nawonso ayeseko. Anakhala pampando, nakokera kiyibodi pafupi, natembenuza sikirini pang'ono kuti iyang'ane kwa iwo. Analemba nthawi yaitali kuposa ya nambala imodzi.

Kompyuta inayankha kuti palibe wantchito wa nambala imeneyo.

Anafufuta nalembanso mosamala. Yankho linali lomwelo. Anakweza maso nayang'ana Esha.

"Mpata ni womangilila, ba bwana," anatero Esha. "Ilandila nambala imozi, ipasa munthu umozi. Nenze nabwela kuofesi kuti nikuuzeni, sininakupezeni."

Sisita Agness sanadziwe chimene chikuchitika. Anati zimenezo n'zimene iwo akufuna, chifukwa sakanalola kompyuta ku kiliniki ngati kalaliki aliyense angathe kumafukula za anthu onse. Mkulu wa zogulagula anavomereza.

Ba Chibwe anafufuta zimene analemba. Anaimirira akumwetulira, nati ana a Ba Mukuka aphunzitsidwa bwino. Anayamba kuwomba m'manja, ena onse n'kutsatira. Potuluka anatenga madisiketi onse awiri, nati akawasunga mpaka Ba Mukuka atabwera.

Anthu atabalalika, anamuitana Esha pakhonde la masitepe. Kumwetulira kuja kunali kutatha. Anamuuza kuti kuyambira Lolemba akamalizira mayeso ake ku yadi ya matabwa ku Makeni, kumene kunkafunika wothandiza m'sitolo. Kumeneko kunalibe kompyuta.

"Uziba zamene wataya?" anafunsa.

"Niziba, ba bwana."

Ba Chibwe anamuyang'ana ngati akudikira mawu ena. Esha anabwerera m'chipinda chozizira, napinda juzi lake, natsanzika Lemmy. Lemmy anafuna kunena nthabwala, koma ataona juzi lili m'chikwama, anangofunsa ngati zonse zili bwino. Esha anati adzamva.

Kunyumba anawauza bambo ake m'mawu ochepa. A Wahabu anagwedeza mutu kamodzi, nafunsa kumene basi ya ku Makeni imakwerera.

7. Mlendo wa ku Chelstone

Loweruka m'mawa Esha anali pakhonde akusita mayunifolomu a sukulu amene bambo ake anamaliza. Simbi inali yamakala, ndipo ankaiuzira pafupipafupi. Anamva mwana wa pafupi akulozera munthu kuti kwa telala ndi apo.

Anali Lemmy. Anavala shati yake ya ku tchalitchi, ndipo nsapato zinali zoyera ndi fumbi. Anali asanafikepo ku nyumbako. Anapereka moni kwa a Wahabu ndi manja awiri, ndipo bambowo anamukankhira mpando wa makasitomala ndi phazi. Lemmy sanakhale.

Anatulutsa disiketi m'thumba la shati. Inali ya Esha, dzina lake lili pamwamba.

"Ba Chibwe banipasa iyi," anatero. "Bakuti nichose zomangilila, nimate. Nikachita, pa Mande ntchito ni yanga."

Esha anaimika simbi. Anamufunsa chimene anawayankha.

Lemmy anati anawauza kuti aona. Anati dzulo dalaivala wa Ba Chibwe anamusiya pakhomo penipeni ku Chelstone, anthu onse akuona, ndipo amayi ake anali atauza kale azimayi a ku mpingo kuti mwana wawo walembedwa ntchito ya makompyuta. Bambo ake anapuma ntchito chaka chatha. Lemmy anayesa kuimba lamya kwa Ba Mukuka ku Woodlands, koma wantchito wa m'nyumba anati Ba Mukuka akadali ku Kasama.

A Wahabu anasiya kupalasa makina.

"Galimoto izabwela kunitenga mailo, pa Sondo, tikachoka ku chechi," anatero Lemmy. "Bakuti ku ofesi kuzankhala kulibe munthu. Ni mizele itatu chabe, Esha. Ningalembe na maso yotseka." Anayesa kuseka koma sizinatheke. "Iwe unabakanila chifukwa chani? Sibananiuze zamene bafuna kuona."

Esha anachotsa yunifolomu patebulo, naipachika pa msomali. Anatenga disiketi m'manja mwa Lemmy naiika pamene panali yunifolomupo.

"Nkhala pansi," anatero. "Nizakuuza. Ukamva, disiketi izankhala pamene apa, ndipo ni iwe uzaitenga olo kuisiya."

Lemmy anayang'ana a Wahabu, nayang'ana disiketi ija. Kenaka anakoka mpando nakhala.